Kodi Mumadziwa? Za Tekitivi Lewton ndi Gemu Yake Yoiwalika

Kodi mumadziwa kuti mu 1999, chaka chimene Television Malawi inayamba kuulutsa zithunzi, ku Britain kunatuluka gemu ya pa kompyuta imene lero simungaipeze pa misika ikuluikulu ya pa intaneti monga Steam ndi GOG? Dzina lake ndi Discworld Noir. Anaipanga ndi a kampani ya Perfect Entertainment, ogulitsa anali a GT Interactive. Mulibe mpira, mulibe mpikisano wa galimoto, mulibe kuomberana. Ntchito ya wosewera ndi kuyenda m'makwalala a mzinda usiku mvula ikugwa, kufunsa anthu mafunso, kunamizidwa, kenako kubwerera kwa wonama uja ndi funso lomupanikiza. Mkati mwa zonsezi mumaseka mpaka nthiti kuwawa, pokhapokha ngati Chingerezi chanu chili chakupsa.

Kodi mumadziwa kuti dziko la m'gemuyi ndi lathyathyathya, lakhala pamsana pa njovu zinayi, ndipo njovuzo zaima pa chigoba cha kamba wamkulu amene akusambira mumlengalenga? Mwini maganizo amenewa ndi Terry Pratchett, mlembi wa ku England amene analemba mabuku 41 onena za dziko lomweli. Loyamba linatuluka mu 1983, lomaliza mu 2015, chaka chimene iye anamwalira. Mzinda waukulu kumeneko ndi Ankh-Morpork. Mtsinje wake ndi wauve moti munthu akhoza kuyenda pamwamba pake. Akuba ali ndi bungwe lovomerezeka ndi boma, ndipo akakuberani amakusiyirani lisiti. Opha anthu nawo ali ndi bungwe lawo, ndi sukulu yomwe, yapamwamba zedi, imene olemera amatumizako ana awo.

Kodi mumadziwa kuti mwini nkhani, Lewton, anachotsedwa upolisi chifukwa cholandira chiphuphu? Si ngwazi ayi. Mkazi amene ankamukonda anamuthawa, iye n'kugwera m'mowa, ntchito n'kutha, ndipo mkulu wa apolisi a mzindawo, Sam Vimes, safuna n'kumuona komwe. Pofuna kupeza ya lendi, Lewton akutsegula kaofesi n'kukhala tekitivi woyamba wodziimira payekha m'dziko lonselo, wogwirira ntchito aliyense amene wabwera ndi vuto komanso ndalama. Gemuyi imayamba iye akuthamangitsidwa mumdima, akubayidwa ndi lupanga, akufa. Ndiye wakufayo ndi amene akutifotokozera mmene zinayambira. Njira imeneyi opanga gemu anaitapa ku mafilimu akale. Mu Sunset Boulevard ya 1950, wofotokoza nkhani ndi mtembo umene ukuyandama m'dziwe losambiramo.

Dzina la Lewton analitenga kwa Val Lewton, wopanga mafilimu oopsa wa ku Hollywood, amene anatulutsa Cat People mu 1942.

Kodi mumadziwa kuti mafilimu a mtundu umenewu, otchedwa noir, ali ndi zizindikiro zimene sizisintha? Tekitivi amavala chikhothi chachitali ndi chipewa chophimba maso. Ali ndi ngongole. Ofesi yake ndi yakuda ndi utsi wa fodya. Tsiku lina pakhomo pamalowa mkazi wokongola, wolankhula mofatsa, n'kupempha kuti amupezere munthu wosowa, ndipo woonera aliyense amadziwiratu kuti mayiyu sakunena zonse. Apolisi ndi ogulika, olemera ndi ovunda m'kati, ndipo mlandu ukatha palibe amene amasangalala. Filimu imene ambiri amati inatsegula njira ndi The Maltese Falcon ya 1941, imene John Huston anaitsogolera, Humphrey Bogart n'kusewera ngati Sam Spade. Inachokera m'buku la Dashiell Hammett la 1930. Hammett sankalota nkhanizi ali pampando: anagwirapo ntchito yofufuza anthu ku kampani ya Pinkerton asanayambe kulemba.

Discworld Noir inatenga zonsezi n'kuzitembenuza mwanthabwala, koma mwaulemu. Mkazi wolowa pakhomo uja ndi Carlotta von Uberwald, akufuna munthu wotchedwa Mundy amene anafika pa sitima ya pamadzi ya Milka n'kuzimirira. M'malo mwa chiboliboli cha mbalame chimene anthu amaphana nacho m'filimu ya Bogart, muno akuphana chifukwa cha lupanga lagolide, Tsortese Falchion. Chikondi chakale cha Lewton ndi Ilsa, ndipo akukumananso naye mu Café Ankh mmene woimba piyano ndi Samael. Amene anaonera Casablanca ya 1942 amayamba kumwetulira asanamve n'komwe zokambirana zawo. Pali chimphona cha mwala, Malachite, chosachedwa kupsa mtima, chimene chikufunafuna mkazi wotchedwa Therma, monga mmene chimunthu chotchedwa Moose Malloy chinkafunira Velma m'buku la Raymond Chandler la 1940, Farewell, My Lovely. Chimene ndimaikondera n'chakuti ngakhale musanaonereko filimu ina iliyonse mwa amenewa, mlandu wake umagwirabe mtima. Anthu akufadi mmodzimmodzi, ndipo mukufunadi kudziwa wakupha.

Kodi mumadziwa kuti Chandler yemweyo nthawi ina analephera kutchula wakupha m'buku lake lomwe? Pojambula filimu ya The Big Sleep, imene inatuluka mu 1946, opanga filimuyo anasokonezeka kuti kodi dalaivala Owen Taylor anaphedwa ndi ndani, kapena anadzipha. Anatumiza telegalamu kwa mwini buku. Iye anavomera kuti nayenso sakudziwa.

Kodi mumadziwa kuti chida chachikulu cha Lewton ndi kabuku ka m'thumba? Apa ndi pamene gemuyi inasiyana ndi anzake, ndipo tikhalepo pang'ono.

Magemu a nkhani a m'zaka za m'ma 1990 ankayenda chonchi: mumaloza chinthu ndi mausi, mumachitola, chimalowa m'thumba, ndipo kutsogolo mudzachigwiritsa ntchito potsegula chitseko kapena kupusitsa mlonda. Wosewera ankasanduka wotoleratolera, thumba lodzaza zingwe, nthochi, makiyi ndi nkhuku zapulasitiki. Zikamukanika ankangoyesa chinthu chilichonse pa chinthu chilichonse mpaka china chitachita mwangozi. Magemu awiri oyamba a Discworld, ya 1995 ndi ya 1996, anali otero, ndipo yoyambayo inatchuka ndi kuuma kwake. Panali pena pofunika kuika gulugufe pa nyale ya mumsewu usiku wa dzulo kuti lero mvula igwere munthu mmodzi yekha, avule mkanjo, inu muutenge. Ndani angaganize zimenezo ali bwinobwino?

Mu Noir, Chris Bateman, amene analemba nkhani, ndi Gregg Barnett, amene ankatsogolera ntchito, anachepetsa zotolatola. Chimene mumatola kwambiri ndi mawu. Munthu akatchula dzina, malo, kapena chinthu chokayikitsa, Lewton amalemba m'kabuku kaja. Mawu olembedwawo mukhoza kuwatenga n'kukawaika pamaso pa munthu wina kuti muone mmene atayankhire. Mukhoza kuwalozetsa pa chinthu chimene mwapeza pamalo a ngozi. Mukhozanso kugundanitsa mfundo ziwiri za m'kabukumo, ndipo zikagwirizana Lewton amatulukira mfundo yachitatu. Mfundo ikatha ntchito amaikhwatcha. Amene anakhalapo pa bwalo la mfumu pozenga mlandu wa ng'ombe yosowa akuidziwa kale njira imeneyi: nduna siisaka ng'ombeyo m'tchire, imangotenga mawu a mboni iyi n'kuwaponya kwa mboni inayo, "Anzanuwa akuti anaiona Lachiwiri kudambo, inu mukuti munaitsekera m'khola Lolemba, nanga inatuluka bwanji?" mpaka wina lilime litapota.

Kusinthaku kukuoneka kochepa, koma kunachititsa kuti wosewera aziganiza zimene tekitivi akuganiza. Mukakakamira, simufunsa kuti "ndaiwala kutola chiyani", mumafunsa kuti "ndani wandinamiza". Ine ndimaona kuti pa magemu onse a nthawi imeneyo, iyi ndi imene inafika pafupi kwambiri ndi ntchito yeniyeni yofufuza mlandu. Dave Gilbert wa ku New York, amene anapanga magemu a Blackwell kuyambira mu 2006, wanenapo poyera kuti kabuku ka m'magemu akewo anakaonera kwa Lewton. L.A. Noire ya 2011, imene inadya ndalama zankhaninkhani, nayo inapatsa wapolisi wake kabuku kolembamo mfundo, patatha zaka 12.

Kodi mumadziwa kuti chaka chomwecho cha 1999 kunatuluka gemu ina yofufuza milandu imene inasanduka choseketsa cha dziko lonse chifukwa cha ndevu za mphaka? Mu Gabriel Knight 3, wosewera amafunika kudzisandutsa munthu wina kuti abwereke njinga yamoto. Njira yake nayi: mumamata tepi pa kabowo ka chitseko, mumaopseza mphaka kuti adutse pabowopo, ubweya wake umatsalira pa tepi, mumaumata pamlomo panu ndi manyuchi kuti zikhale ndevu. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene mukumuyerekezayo alibe ndevu, choncho muyeneranso kujambula ndevu pa chithunzi cha m'pasipoti yake. Mu 2000 tsamba la pa intaneti la Old Man Murray linalemba nkhani yotchuka yonena kuti magemu a mtunduwu sanaphedwe ndi wina aliyense, anadzipha okha ndi zopusa zoterezi. Discworld Noir inali itapeza kale mankhwala a matendawo, koma inafika odwala atathawa kale kuchipatala.

Kodi mumadziwa kuti pakati pa nkhani Lewton amasanduka mmbulu? Kubayidwa kuja sikunamuphe kwenikweni, chifukwa anali atatengera kale temberero losanduka chilombo. Amene amamuphunzitsa kukhala ndi moyo watsopanowu ndi Gaspode, kagalu kauve kolankhula kodziwika bwino m'mabuku a Pratchett. Akasanduka mmbulu, chithunzi chonse chimazilala, ndipo fungo lililonse limaoneka ngati utsi wa mtundu wakewake. Fungo lija mumalisunga monga mmene mumasungira mawu m'kabuku, n'kukaliyerekeza ndi fungo la pamalo ena. Ngati fungo la pamalo amene munthu waphedwa likupezekanso pa chovala cha amene analumbira kuti sanapondeko, mlandu wayamba kupsa. Magemu ambiri a masiku ano ali ndi batani loonetsa zobisika, koma nthawi zambiri limangokulozerani njira. Muno mphuno imakupatsani umboni, kuganiza n'kwanu.

Kodi mumadziwa kuti pafupifupi anthu onse a m'gemuyi, ndipo alipo ochuluka, amalankhula ndi pakamwa pa anthu anayi okha? Ndi Rob Brydon, Kate Robbins, Robert Llewellyn ndi Nigel Planer. Brydon, amene ndi mawu a Lewton, nthawi imeneyo sankadziwika kwenikweni; anadzatchuka pambuyo pake pa wailesi yakanema ya BBC, makamaka mu sewero la Gavin & Stacey loyamba mu 2007. Pratchett mwini anawerenga ndi kukonza zolankhula za m'gemumo, ndipo pa mndandanda wa ogwira ntchito anamulemba mwanthabwala ngati munthu amene analowerera mopitirira muyeso.

Nanga chinthu chabwino chonchi chinasowa bwanji? Kodi mumadziwa kuti gemuyi sinagulitsidwe n'komwe ku America, kumene kunali msika waukulu wa magemu a pa kompyuta?  Kampani ya Perfect Entertainment inali itafooka kale ndi mavuto a ndalama komanso mkangano ndi Psygnosis, amene anagulitsa magemu awiri oyamba aja, ndipo inatsekedwa Noir itangotuluka kumene. Zotsatira zake, zolakwika zimene zinatsalira m'pulogalamu panalibe wozikonza. Ogulitsa nawo anali pa mavuto awo: kumapeto kwa 1999 kampani ya ku France ya Infogrames inagula gawo lalikulu la GT Interactive. Komanso mitima ya osewera inali itapita kwina. Half-Life inatuluka mu Novembala 1998. Mu 1999 momwemo a GT Interactive anali kugulitsa Driver ndi Unreal Tournament, magemu a liwiro ndi mfuti amene ankayenda malonda okhaokha. Wamalonda wanzeru akanaika kuti ndalama zotsatsira, pa zimenezo kapena pa bambo wachipewa woyenda pang'onopang'ono mumvula? Ya PlayStation inatuluka mu 2000, nayonso sinafike ku America.

Kodi mumadziwa kuti gemuyi imayenda bwino pa kompyuta yakale kuposa yatsopano? Inapangidwira Windows 95 ndi 98. Pa Windows za masiku ano imakonda kuzima yokha, mwina isanayambe n'komwe, mpaka mutaikamo timafayilo tokonza timene okonda gemuyi anapanga okha, kapena mutanamiza kompyuta yanu kuti ndi ya 1998. Apa anthu a kuno kwathu tili ndi mwayi wachilendo. Aliyense wa ku Champhira, Jenda, Katete, Embangweni mpaka pa boma pa Mzimba amadziwa mmene katundu amabwerera kuchokera ku Joni: ma thiransipota atasenza mafiriji, mipando, mawailesi, njinga, ndipo pakati pake makompyuta amene maofesi a ku Johannesburg ndi Cape Town anataya kalekale. Kompyuta yotere mwana wa sukulu amaiyang'ana monyoza chifukwa siingathe magemu a mpira atsopano. Koma pa magemu a nkhani a zaka za m'ma 1990 ili ndi mphamvu zotsala, ndipo magemuwa safuna bandulo, safuna netiweki, safuna chogwirira cha PlayStation. Magetsi ndi mausi basi.

Ngati m'katoni ya zimbale zakale imene mlamu wanu anatumiza mwapezamo cholembedwa Discworld, Grim Fandango, Broken Sword kapena Monkey Island, musachipachike m'munda kuti chiziopseza mbalame.

Kodi mumadziwa kuti pali pulogalamu yaulere yotchedwa ScummVM imene ntchito yake ndi kudzutsa magemu oterewa? Inayamba mu 2001. Mmodzi mwa oiyambitsa ndi Ludvig Strigeus wa ku Sweden, yemwe anadzapanganso µTorrent n'kugwira ntchito yaikulu pa Spotify. Imayenda ngakhale pa foni ya Android. Siibwera ndi magemu. Mumakopera mafayilo a pa chimbale chanu, iyo n'kuwayendetsa. Magemu awiri oyamba a Discworld amayenda bwino mmenemo. Ntchito yoti Noir nayo ilowe inayambika, koma ogwira ntchitoyi ndi anthu ongodzipereka, ochita madzulo akaweruka kwa abwana awo.

Tisanamizane, gemuyi ili ndi zilema zake. Ndi yamdima mopitirira; masana pa khonde simuona kanthu. Nkhope za anthu ena zinakalamba moipa, milomo ikuyenda payokha mawu akupita kwina. Chakumapeto nkhani imachoka pa milandu ya m'makwalala n'kulowa za gulu lachinsinsi lofuna kudzutsa chimulungu choopsa, Nylonathatep, kunyogodola nkhani za H. P. Lovecraft, ndipo kwa ine pamenepo mphamvu yake imatsika. Koma chipupa chachikulu kwa ife ndi chiyankhulo. Filimu ya karate mwana wa ku pulayimale amaitsatira m'vidiyo sho ngakhale isanamasuliridwe, ndipo ikadutsa m'manja mwa anyamata oikamo mawu a Chichewa imakomanso kuposa mmene eni ake anaipangira. Gemu ya Lewton siingatheke choncho. Ndi mawu okhaokha, maola ambirimbiri, Chingerezi cha ku Britain chodzaza mikuluwiko ndi zining'a. Kwa wophunzira wa Fomu 3 kapena 4 amene amakonda kuwerenga, ndi sukulu yabwino kuposa mabuku ena amene timawakakamiza. Kwa ena onse ndi bambo wachipewa amene sakusiya kulankhula.

Kodi mumadziwa kuti kuno kumwera kwa Africa tinali ndi atekitivi athu a zipewa kalekale kompyuta isanafike? Mu 1953 magazini ya Drum ya ku Johannesburg inayamba kusindikiza nkhani za tekitivi wachikuda wotchedwa Morena, wodziwika kuti The Chief. Ankalemba ndi Arthur Maimane, pogwiritsa ntchito dzina loti Arthur Mogale, ndipo kalankhulidwe ka tekitiviyo kanali kotengera mabuku ndi mafilimu a ku America omwe aja. Kenako mu 1968 eni Drum anayambitsa African Film, magazini ya zithunzi zojambulidwa ndi kamera, mawu a anthu atalembedwa m'timabwalo pamwamba pa mitu yawo. Ngwazi yake inali Lance Spearman, The Spear: suti, tayi yagulugufe, kandevu, chipewa, ndudu yaikulu pakamwa, kachasu wa ku Scotland m'tambula. Amene ankajambulidwa ngati Spearman ndi Jore Mkwanazi, ndipo mdani wake wosatha anali Rabon Zollo. Magaziniyi inkawerengedwa kuyambira ku South Africa mpaka ku Kenya, Nigeria ndi Ghana, koma inaleka kutuluka mu 1972, ndipo popeza inali ya pepala lotchipa, yodutsa m'manja ambiri mpaka kung'ambika, makope ake lero ndi osowa. Amuna a ku Mzimba akhala akupita ku Joni mibadwo ingapo. Ngati m'sutikesi yachitsulo ya agogo muli kope limodzi la Spearman pansi pa mapepala a ku migodi, muli ndi chinthu chimene osunga mbiri amachifunafuna.

Ndipo mu 1998, chaka chimodzi Lewton asanabadwe, kunatuluka buku loyamba la Mma Precious Ramotswe, tekitivi wamkazi wa ku Gaborone, lolembedwa ndi Alexander McCall Smith wobadwira ku Bulawayo. Nalonso linayamba mwakachetechete kwa wosindikiza wamng'ono wa ku Edinburgh. Kusiyana kwake n'kwakuti buku silifuna Windows 98. Linadikira mpaka owerenga atalipeza.

Kodi mumadziwa kuti anzake a Lewton ena anaukitsidwa? Wodziwika kwambiri ndi Manny Calavera wa mu Grim Fandango, imene Tim Schafer anapanga ku LucasArts mu 1998. Manny ndi chigoba chovala suti, kalaliki wogulitsa matikiti a ulendo kwa anthu ongomwalira kumene. Amene anakhala moyo wabwino amakwera sitima yapamtunda ya Number Nine n'kufika kumpumulo m'mphindi zinayi. Ena amayenda zaka zinayi. Manny akutulukira kuti matikiti a anthu abwino akubedwa n'kugulitsidwa kwa olemera. Katangale mpaka kumanda. Olemba nkhani anaiyamikira kwambiri gemuyi, koma malonda sanafike pamene kampani inkayembekezera, ndipo kwa zaka zambiri sinkapezeka. Disney itagula Lucasfilm, mwini wake wa LucasArts, mu 2012, Schafer mothandizidwa ndi Sony anapeza chilolezo, ndipo gemuyo inatulukanso yokonzedwa mu Januwale 2015. Chaka chomwecho inafika pa mafoni a Android ndi iPhone.

Wina ndi Tex Murphy, tekitivi wosauka ndi wopusa pang'ono wa mu San Francisco wa m'chaka cha 2042. Under a Killing Moon ya 1994 inabwera pa zimbale zinayi, yodzaza mavidiyo a anthu enieni, ndipo ankasewera Tex ndi Chris Jones, mmodzi wa akuluakulu a kampani yomweyo ya Access Software. Microsoft itagula kampaniyo mu 1999, Tex anagona. Mu 2012 okonda gemuyo anasonkha ndalama pa Kickstarter, pafupifupi madola 600,000, ndipo mu 2014 kunatuluka Tesla Effect. Gemu ya Blade Runner ya 1997 nayo inatulukanso pa GOG mu Disembala 2019, anthu a ScummVM atathera zaka akuimanganso chifukwa mafayilo oyambirira a opanga anali atatayika.

Kodi mumadziwa kuti ku South Africa kuli opanga magemu a mtundu womwewu? Abale awiri, Chris ndi Nic Bischoff, pansi pa dzina la The Brotherhood, anatulutsa Stasis mu 2015 ndi Beautiful Desolation mu 2020. Yachiwiriyo nkhani yake ikuchitikira m'dziko lawo lomwelo, anthu ake akulankhula Chingerezi cha konkuno.

Kodi mumadziwa kuti kusowa kwa Discworld Noir si kwachilendo? Kafukufuku wa bungwe la Video Game History Foundation wa mu 2023 anapeza kuti magemu 87 pa 100 aliwonse amene anatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso. Mafilimu anadutsa momwemo: lipoti la Library of Congress la 2013 linati pa mafilimu aatali opanda mawu amene America inapanga pakati pa 1912 ndi 1929, pafupifupi 70 pa 100 aliwonse anatayikiratu. Koma si zonse zimatayika mwangozi. Pratchett analamula kuti akadzamwalira, nkhani zake zosamaliza zidzaphwanyidwe. Mu Ogasiti 2017, pa chionetsero cha Great Dorset Steam Fair, hadi diraivu ya kompyuta yake anaigoneka pansi n'kuipondetsa ndi chigalimoto chakale chosalazira misewu, choyendera nthunzi, chotchedwa Lord Jericho. Inali yolimba, anachita kuibwereza kangapo.

Kodi mumadziwa kuti mmodzi mwa oyenera kufunsidwa kuti Lewton abwerere pamsika ndi ufumu wa Britain? Lamulo la kumeneko limati kampani ikathetsedwa, katundu wake amene sanagawidwe amapita m'manja mwa ufumu, ndipo amayang'aniridwa ndi nthambi ya maloya a boma. Katunduyo si nyumba ndi mipando yokha; umwini wa nyimbo, buku kapena gemu umalowanso momwemo. Mu 2024 Gregg Barnett anauza tsamba la Time Extension kuti ndi zimene zinachitikira magemu a Discworld: theka la umwini lili kwa iye, theka linalo linapita ku ufumu Perfect Entertainment itatha. Manyuzipepala a za magemu anasangalala nayo nkhaniyi, akumalemba kuti gemu ya Lewton ili m'manja mwa Mfumu Charles III, ngakhale mfumuyo siikhudza n'komwe mafayilo oterowo. Pamwamba pa apo, dziko la Discworld ndi anthu ake ndi chuma cha banja la Pratchett. Mwana wake Rhianna Pratchett ndi mlembi wa magemu wodziwika, amene analemba nkhani ya Mirror's Edge ya 2008 ndi Tomb Raider ya 2013, koma iye wanenapo kuti magemu akale aja si a banjalo. Wofuna kuitulutsanso ayenera kugwirizanitsa mbali zitatu zonsezi, kenako n'kupeza wolemba mapulogalamu woti akonze zolakwika za mu 1999. Pakadali pano njira yovomerezeka ndi kugula chimbale chogwiritsidwa kale ntchito pa misika monga eBay, ndipo mtengo wotumizira kuchokera ku Britain kufika pa positi ofesi ya Champhira ukhoza kuposa wa chimbalecho.